Phazi la Nkhwali Labwerako ku Lisiboa

Lolemba m'mawa, ndisanapite ku eskola, a Damiyano adandiitana kuchipala kwawo kuti ndikaone akumenya nyundo kamodzi. Kamodzi basi.

Amene mumakhala kufupi ndi Fonte Boa mukuwadziwa a Damiyano. Amene simuwadziwa, mwina mudalimapo ndi khasu lawo. Ndi wosula zitsulo, mkulu wa imvi, wa mapewa ngati goli la ng'ombe, ndipo ndi amene adandinyamula pa ubatizo. Chiyambire ine kuphunzitsa amanditchula "a Pulofesoro," koma amatchula mwa njira yoti ndisaiwale kuti adandionapo ndikulira, madzi ali chuchuchu pamutu.

Ndidapeza khasu lili psuu pamakala, mkamwini wawo Filipe akuvukuta moto. A Damiyano adatulutsa kansanza kakuda ndi mwaye, nakamasula pang'onopang'ono. M'katimo mudali kachitsulo kotalika ngati chala, kunsonga kwake kozokotedwa timizere titatu kutsogolo ndi kamodzi kakafupi kumbuyo. Phazi la nkhwali. Adakaimika pakhasu pafupi ndi msuka, nakweza nyundo.

Dzanja lidanjenjemera.

Munthu ameneyu ndamuona kuyambira ndili mwana akusula zitsulo zoti ife awiri sitinganyamule, ndipo dzanja limenelo sindidalionepo likunjenjemera. Adatsitsa nyundo, napuma, nakwezanso. Kho! Atachotsa kachitsulo kaja, phazi lidali litatsala pakhasu, loonekera bwino. Filipe adavula chipewa. Ine ndidangopezeka ndavulanso changa, osadziwa kuti ndikuvulira yani.

"Mwaona, a Pulofesoro?" adatero a Damiyano. "Labwerako. Lidapita ku Lisiboa, labwerako."

Ndikufotokozereni, chifukwa sabata yonse ino nkhaniyi yandikhala pamtima ndipo ndikadali kudabwa.

Phazi limeneli adaliyamba ndi atate awo. Mkuluyo ankati khasu labwino lizifika m'munda nthawi imodzi ndi nkhwali, mame asanakamuke. Makasu a banja limeneli amasulidwa ndi mola, zitsulo zokhuthala zija zimanyamula kamiyau, galimoto ya katundu, kunsi. Khasu lotero limatha ndi kulima, silipindika. Kuchokera ku Domwe mpaka tsidya la Dedza, mayi ankati akafika pamsika n'kutembenuza khasu, akaona phazi, sankafunsanso china.

Koma paja mtengo wobala zipatso ndi umene umagendedwa. Osula ena, a mbali ino ndi a tsidya lija, adaona kuti timizere tinayi sitivuta kuzokota. Adayamba kudula migolo ya mafuta, kuisula mwachangu, kuidetsa ndi utsi, n'kudindapo phazi. Khasu lotero likangokumana ndi chitsa limapindika ngati tsamba la nthochi. Amayi adayamba kufika pakhomo pa a Damiyano atanyamula makasu opindika, kudzawalalatira chifukwa cha ntchito imene iwo sadagwire. Tsiku lina ndidawapeza atakhala pansi, khasu lotero lili pamwendo, akusisita phazilo ndi chala. Adati, "Atate anga akutukwanidwa ali m'manda."

Mwini kantina wina, wa sitolo ku Ulongwe, amene ankagula makasu awo, ndiye adawauza kuti njira ilipo. Chizindikiro cha malonda, chimene azungu amati marka, chimalembetsedwa ku boma lalikulu la azungu otilamulira, ku Lisiboa. Chikalembedwa chimakhala chako, ndipo wina akachigwiritsa ntchito ukhoza kumusumira. A Damiyano adafunsa funso limene aliyense wa ife akadafunsa: zitenga nthawi yaitali bwanji?

Mwini kantina adati miyezi. Mlembi wa ku sekeretariya, ofesi ya boma ya kuno, adati chaka, mwina kupitirirako pang'ono. Bambo mfumu wa pa mishoni, amene adakhalako ku Lisiboa, sadanene nambala. Adangoti, "Damiyano, bzala mtengo."

Adabzaladi, mtengo wa mapichesi kuseri kwa chipala. Mtengowo tadya kale zipatso zake, ndipo osati kamodzi. Chaka chimenecho Filipe adali akungofunsira kumene mbeta pakhomopo. Lero mwana wake woyamba akuthamangitsa nkhuku ndi kuyankha agogo ake mwano.

Phazilo papepala ndidajambula ndine, choncho ulendo wake ndidautsatira. Lidachoka ku Ulongwe kupita ku Tete. Ku Tete lidadikira, pakuti misewu ya masiku ano mukuidziwa, galimoto siyenda yokha popanda asilikali oiperekeza. Kuchoka apo lidafika ku Beira kwa munthu amene ntchito yake ndi kuyendetsa mapepala otere, kenaka lidakwera sitima ya pamadzi. A Damiyano, amene ulendo wawo wautali kwambiri ndi wa ku Tete, atamva za sitimayo adati, "Ndiye kuti nkhwali ya atate yaona nyanja ya mchere."

Patapita mvula imodzi yathunthu kudabwera yankho. Tidaganiza kuti zatheka. Ayi, lidali funso. Akuluakulu a kutaliko ankafuna kudziwa ngati chojambulidwacho chidali phazi la mbalame, muvi, kapena mtengo wopanda masamba, chifukwa chilichonse chili ndi malo ake m'mabuku awo. Luso langa la zojambula lidaonekera poyera tsiku limenelo, ndipo Filipe mpaka lero sadaleke kundiseka.

A Damiyano sadaseke. Adatchera msampha, nagwira nkhwali, naumitsa phazi lake padzuwa, napita nalo ku sekeretariya litakulungidwa m'tsamba, kuti alitumize azunguwo adzionere okha. Mlembi adawapempha mwaulemu kuti achotse chinthucho patebulo. Tidayankha ndi mawu olemba, ndipo yankholo lidayambiranso ulendo uja: Tete, Beira, nyanja.

Mukhoza kuseka, nanenso ndidaseka. Koma taimani muganize zimene zinkachitika kutaliko. M'nyumba ina yaikulu, munthu wovala jekete, amene sadamvepo nkhwali ikulira ndipo mwina sadagwirepo khasu, adatsegula mabuku n'kuyamba kuyerekeza phazi la ku Fonte Boa ndi zizindikiro zonse zimene zidalembedwa kale. Za vinyo, za nsomba za m'zitini, za sopo, za makina osokera, za mafakitale a zitsulo okhala ndi antchito ochuluka kuposa anthu a m'mudzi mwathu. Tsamba ndi tsamba, kufufuza ngati wina adaponda kale pamene nkhwali yathu ikufuna kuponda. Atatha apo adalisindikiza m'nyuzi ya boma ya zinthu zotere, kuti aliyense wodziwa chifukwa choletsera anene. Ndipo adadikira miyezi, kudikira munthu wotsutsa.

Sadabwere. Ndipo tsopano pepala lafika, lonena kuti phazi ndi la Damiyano.

Ine zimenezi zimandizunguza mutu. Dziko lalikulu chotero, la masitima ndi mafakitale, lidafunsidwa kuti, "Kodi alipo wina mwini phazi ili kupatula Damiyano?" ndipo lidakhala chete. Kodi ndi angati mwa ife amene dzina lawo lingaikidwe poyera miyezi yonseyo popanda wina kudzuka ndi mlandu?

Koma apa ndi pamene nkhani idakhotera.

Kumayambiriro kuja, mlembi atawafotokozera za kulengeza ndi kudikira wotsutsa, a Damiyano adamva chinthu chimene ankachidziwa kale. Iwo adakulira pa mishoni, ndipo akhala akumva maukwati akulengezedwa m'tchalitchi moyo wawo wonse. Atabwera kunyumba adakulunga kachitsulo kaja m'kansanza, nakatsomeka kudenga.

Tonse tidawauza kuti sizitero. Mlembi adati lamulo silikuletsa kudinda pamene ukudikira. Mwini kantina adati makasu opanda phazi sayenda malonda. Ngakhale bambo mfumu adawauza kuti khasu si sakramenti.

"Ukwati ukamalengezedwa, mkwati salowa m'nyumba," adatero a Damiyano. "Ndapempha kuti andiuze ngati phazili ndi langa. Nanga ndizidya nyama ikadali pamlandu? Akadzayankha ndidzadinda."

Muuzeni munthu wosula zitsulo kuti apinde maganizo, muone ngati nyundo yanu ikukwana.

Chotero zaka zonsezi makasu enieni a Damiyano akhala akutuluka m'chipala opanda chizindikiro chilichonse. Chaka choyamba adavutika, makasu ankabwerera kuchokera kumsika, ndipo mbuzi za pakhomopo zidachepa. Pamenepo akuba aja, poona kuti mwini wake wasiya, adadinda phazi mosaopa pa chilichonse chokhala ngati khasu.

Amayi a kuno si ana. Adalima ndi la phazi, lidapindika. Adalima ndi lopanda phazi, lidadula chitsa. Adauzana kuchitsime, kumaliro, pa njira ya kutchalitchi. Popanda mlembi, popanda sitima, nkhani idafika mpaka ku Domwe ndi kupitirira: khasu ukalitembenuza n'kupeza phazi, lisiye, ndi mgolo. Ukapeza poyera, lolemera m'manja, ndiye la a Damiyano.

Mwaona mmene zidakhalira? Pamene Lisiboa inkalemba kuti phazi ndi la Damiyano, ofesi ina yopanda denga inkalemba kuti phazi ndi la akuba.

Timakonda kudandaula kuti maofesi amachedwa, ndipo amachedwadi. Ndani mwa ife sadakhalepo pa benchi ya ku sekeretariya mpaka matako kuchita dzanzi, n'kuuzidwa kuti mubwere mawa? Koma sabata ino ndadzifunsa ngati ife tili ndi changu kuposa iwo. Mkamwini amamanga nyumba, kubereka ana, kukumba manda a apongozi, koma pamsonkhano wa banja timamutchulabe mlendo. Mbewu yatsopano ya mbatata ikabwera, timaiyang'ana m'munda wa mnzathu mvula ziwiri zitatu tisanabzale ngakhale mzere umodzi. Ndikudziwa mkulu wina amene adaba nkhuku ali mnyamata. Lero ali ndi zidzukulu, amatsogolera nyimbo m'tchalitchi, koma akadutsa anthu amatsekabe khola ndi maso.

Sindikunena kuti n'kulakwa konse. Munthu amene chakudya chake cha chaka chonse chili pa khasu limodzi ali ndi ufulu wokayika. Ndikungoti tili ndi mabuku athu nafenso, ndipo athu ndi ovuta kuposa a ku Lisiboa. Kumeneko ukalakwitsa chojambula amakubwezera kuti ukonze. Kwathu kuno chimene chalembedwa pa dzina lako palibe amakuuza, ndipo palibe zenera loti ukagogode.

Mwina mukufunsa kuti nanga a Damiyano akuvutikiranji? Makasu opanda phazi akuyenda malonda, bwanji osangosiya choncho, pepala la ku Lisiboa n'kulipachika pakhoma pafupi ndi chithunzi cha Banja Loyera?

Ndidawafunsa zomwezo Lolemba lija. Adatambasula dzanja lawo lamanja patsogolo panga. Lidali likunjenjemerabe, ndipo ndidazindikira kuti sichidali chimwemwe chokha.

"Dzanja ili latsala pang'ono," adatero. "Poyera aliyense angathe kusiya, a Pulofesoro. Anyamata a migolo aja ayamba kale kuchenjera, ena aleka kudinda. Ine ndikapita, Filipe adzati chiyani pamsika? Adzati ili ndi la malemu chifukwa lilibe kanthu? Atate adandisiyira phazi loyera. Ndikufuna ndilisiye loyera."

Filipe adayang'ana kumoto.

Choncho Loweruka tidatsagana ku msika wa Kalomwe, makasu atamangidwa pa njinga ziwiri, onse odindidwa. Pepala la ku Lisiboa a Damiyano adalipinda m'thumba la malaya. Panjira Filipe adalankhula zimene ambiri akunong'ona masiku ano: kuti pepalalo mphamvu yake imathera pamalire, tsidya lija silidziwika, ndiponso kuti eni ake a zidindo zimenezi akuoneka ngati ayamba kumanga mitolo. A Damiyano adangoti, "Amange. Adayankha asanapite."

Tidayala makasu pansi pafupi ndi ogulitsa mbatata. Anthu ankafika, kunyamula, kutembenuza, kuika pansi, n'kumapita. Bambo wina adangoseka pang'ono ngati munthu amene wazemba msampha.

Dzuwa litakwera padafika mayi wina wa ku Domwe, wamsinkhu, wa m'manja mokhakhala. Adanyamula khasu limodzi, naliyesa kulemera, naligogoda ndi mwala n'kutchera khutu. Ndidaona nkhope yake ikumasuka, khasu lidamukomera. Kenaka adalitembenuza.

Adaliika pansi msanga ngati lotentha.

"Iyayi bambo, musatipusitse," adatero. "Ine ndikufuna la a Damiyano a ku Fonte Boa. Ajatu sadinda."

"Damiyanoyo ndine, mayi."

Mayiyo adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Onse a phazi amatero. Chaka chatha wina adatinso ndi mwana wawo."

Ogulitsa mbatata, amene amawadziwa, adaseka n'kuchitira umboni kuti ndi iwodi. Ine, pofuna kuthandiza, ndidati a Damiyano atulutse pepala lija. Adalitulutsa, ndipo ndidaliwerenga mokweza, kumasulira mzere ndi mzere, mpaka pa chidindo chachikulu cha kumapeto. Mayiyo adamvetsera mwaulemu mpaka nditamaliza.

"Zikomo aphunzitsi," adatero. "Koma a ku Lisiboawo adalimapo nalo?"

Ndidabweza pepalalo kwa mwini wake.

Mayiyo adatembenukira kwa a Damiyano. "Ngati ndinudi, pepani. Koma mundisulire lina lopanda phazi. Ili ndikafika nalo kwathu anzanga akandiseka kuti ndagula mgolo ndi maso anga ali tseguke."

Ndidayang'ana mkulu uja. Zaka zonse zija, mbuzi zija, nyanja kawiri, ndipo mayi woyamba kuyamikira khasu akupempha kuti phazi lichoke. Walira mvula walira matope. Ine ndikadakhala iwo ndikadapsa mtima, kapena ndikadalira pomwepo pamsika.

A Damiyano adapinda pepala lija, nalibweza m'thumba. Adawerama, natola khasu lija, nalipereka kwa mayiyo ndi manja awiri.

"Lopanda phazi sindisulanso, mayi. Tengani ili. Musapereke kanthu. Mukalime nalo pa zitsa, pa miyala, pamene pali pouma kwambiri m'munda mwanu. Likapindika, mubwere mudzandiponyere pakhomo anthu akuona. Likapanda kupindika, anzanu aja akakusekani muwabwereke."

Mayiyo adazengereza. Kenaka adalandira, nathokoza, namasula nsalu ya pamwamba n'kukulunga khasulo bwinobwino, makamaka mbali ya phazi, kuti asalione munthu panjira. Adalisenza pamutu nalowera njira ya ku Domwe.

A Damiyano adaima n'kumuyang'ana mpaka adazimirira pakati pa anthu a njinga. Ndidakumbukira kuti ndi mmene adaimira tsiku lija pakhomo pa sekeretariya, pepala loyamba litalowa m'thumba la makalata.

"A Pulofesoro," adatero osandiyang'ana, "ulendo uno ndalembetsa ku ofesi yaikulu."

Ndidafunsa kuti akuganiza kuti yankho lidzabwera liti.

Adawerengera pa zala zonjenjemera zija, koma sadatchule nambala. Adati mayiyo ayenera kulima nalo dzinja lino. Anzake adzati ndi mwayi chabe, ndiye adzafunika kuona dzinja lachiwiri. Kenaka mmodzi adzagula, ena adzamuyang'ana. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," adatero, naseka pang'ono. "Ngati yankho lidzandipeza nditapita, alandire Filipe. Nanga si wamva pamene ndaperekera?"

Makasu otsalawo tidamanganso pa njinga, onse. Sitidagulitse ngakhale limodzi. Pobwerera, pa chitunda chija aliyense amatsika n'kukankha njinga, ndidali kumbuyo kwawo ndikuyang'ana msana wa mkulu ameneyu, ndipo ndinene zoona, ndidachita mantha aja amagwira munthu akaima pansi pa phiri. Ine wophunzitsa ana, kalata ikachedwa sabata ziwiri ndimayamba kutukwana wa koreyo, wonyamula makalata. Uyu wadikira mpaka mtengo wabala, wayankhidwa, ndipo tsiku lomwe wazindikira kuti yankholo silikwana wayambanso kudikira, popanda kudandaula, ndi dzanja limene mwini wake akudziwa kuti latsala pang'ono.

Lolemba lino nyundo yalira kale kuchipala, ndaimva ndikupita ku eskola. Pakati pa kusula mumamveka ka kho kamodzi kapadera, ndipo amene tikudziwa tikudziwa kuti ndi phazi.

Tsono inu amayi ndi abambo a ku Domwe, a ku Kalomwe, a kuno kwathu, amene mumatembenuza khasu musanagule: pempho la a Damiyano lili patebulo panu. Lisiboa, kutali konse kuja, idafufuza n'kuyankha mkuluyu akadali moyo. Nanga inu, amene chipala chake mumachimva kulira muli m'munda, mudzayankha liti?